Chimbale chobena nokha chikamakana pa kadeki kam'manja

Ine ntchito yanga ndi yojambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya kuno ku Dedza, kuyambira pa boma mpaka ku Bembeke ndi ku Linthipe. Dandaulo limene limandipeza kawirikawiri ndi lakuti chimbale chimaonetsa bwinobwino pa kompyuta imene chinabenedwera, koma chikafika kumudzi n'kuikidwa mu kadeki kam'manja, kaja kokhala ndi sikirini yopinda, chimangozungulira kenako n'kulemba "No Disc". Ena amati kadeki kafa, ena amataya chimbalecho. Zimandiwawa, chifukwa nthawi zambiri zonse ziwiri zimakhala zilibe vuto, ndipo m'chimbalemo mumakhala nkhope za anthu amene ena mwa iwo anatisiya kale.

Kompyuta imawerenga pafupifupi chilichonse mungaipatse. Timadeki iti, ngakhale tija tolembedwa EVD, tinapangidwa kuti tiziwerenga zimbale zonga za m'sitolo. Ndiye ntchito yonse yagona pakuti chimbale chanu chifanane ndi cha m'sitolo m'kalembedwe kake.

Musanachite china chilichonse, ikani chimbale cha filimu chogula chimene mukudziwa kuti chimaonetsa. Chikaonetsa, kadeki kali bwino ndipo tiyang'ane chimbale chanucho. Chikakana nachonso, pitani kumunsi kumene ndakamba za batire ndi lenzi, kagalasi kamene kamawerenga chimbale.

Choyamba kufunsa n'chakuti kodi chimbalecho chinatsekedwa? Pa makina amalemba kuti "Finalize". Izi zimakhudza kwambiri zimbale zojambulidwa pa DVD recorder ya pa TV, komanso timbale tating'ono ta masentimita 8 ta makamera akale aja, timene timalowa 1.4 GB, mwina mphindi 30 za kanema. Makina akamajambula, amasiya chimbale chosatseka kuti muthe kuwonjezeramo mawa. Chili ngati thumba la mbatata ya kachewere limene sanalisoke kukamwa: mwini wake angathe kuthiramo zina, koma silinganyamuke kupita ku Lizulu. Potseka ndi pamene makinawo amalemba mndandanda wouza deki ina kuti kanema akuyambira pati ndipo akuthera pati. Popanda mndandandawo, kadeki kamaona ngati mulibe kanthu.

Bwezerani chimbalecho mu makina omwewo amene anachijambula, lowani mu menyu, fufuzani pa "Disc Setup" kapena "Disc Edit", musankhe "Finalize". Ndikuti makina omwewo chifukwa a kampani ina nthawi zambiri satseka chimbale cha anzawo. Ngati ndi kamera, ilumikizeni ku magetsi, musadalire batire. Kutsekako kumatenga mphindi zingapo, nthawi zina kupitirira 10 ngati mwajambulamo zochepa, ndipo moto ukaduka pakati chimbale chikhoza kuwonongekeratu. Musachite madzulo pamene mukukayika kuti magetsi athima. DVD-R ndi DVD+R zikatsekedwa zatsekedwa, simungawonjezeremonso. Zolembedwa RW ndi zimene mungafufute n'kulembamonso, ndipo DVD+RW yokha ndi imene kawirikawiri imaonetsa popanda kutseka.

Nanga ngati kamera imene inajambula inafa kalekale? Musataye mtima. Pitani nacho kwa wa kompyuta amene ali ndi pulogalamu ya IsoBuster. Imatha kutulutsa kanema m'chimbale chosatseka, kenako n'kubena china chatsopano.

Pali msampha wina pa zimbale za DVD-RW. Mukaika chatsopano, makina amafunsa ngati mukufuna "Video mode" kapena "VR mode". VR imalola kudula ndi kufufuta pa makina pomwepo, n'chifukwa chake ojambula ena amaikonda, koma timadeki tam'manja tambiri sitiiwerenga ngakhale mutatseka. Mukafuna kudziwa, tsegulani chimbalecho pa kompyuta. Mukapeza foda yotchedwa DVD_RTAV, ndi VR. Mukapeza VIDEO_TS, ndi Video mode, imene tikufunayo. Cha VR muyenera kuchikopera pa kompyuta n'kubenanso. Za DVD-RAM musavutike nazo n'komwe, sizilowa pa timadeki iti.

Tsopano tifike pamene pagona vuto la anthu ambiri masiku ano. Mwana wajambula Ngoma ku Umhlangano ku Ntcheu ndi foni yake, wapita nayo ku burning centre, mnyamata wa kumeneko wangokoka mafayilo n'kuwaponya pa chimbale ngati mmene amachitira ndi fulashi. Chimbale chotero ndi chosungira mafayilo chabe, si DVD ya kanema. Mafoni amajambula MP4, nthawi zambiri ya mtundu wa H.264, ndiponso zithunzi zake zimakhala zazikulu, 1280 x 720 kapena 1920 x 1080. Kadeki kanu kamadziwa MPEG-2, mtundu wa kanema wa pa DVD, ndipo chithunzi cha DVD sichipitirira 720 x 576. Ngakhale pa bokosi atalemba kuti "MP4", timadeki tambiri timatanthauza mafayilo a AVI a DivX kapena Xvid, osati a foni aja. Apa ndi pamene mumaona dzina la fayilo likuoneka pa sikirini koma mukadina kamalemba "Unsupported", kapena mawu akumveka chithunzi palibe.

Mankhwala ake ndi kusandutsa kanemayo akhale DVD-Video yeniyeni. Ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya DVDStyler, ndi yaulere. Mukaitsegula imakufunsani zinthu zingapo. Pa kukula kwa chimbale sankhani 4.7 GB. Pa mtundu wa chithunzi sankhani PAL, chifukwa ndi umene timagwiritsa ntchito ku Malawi kuno, zithunzi 25 pa sekondi. NTSC ndi ya ku America ndi ku Japan, ndipo mukadzalumikiza kadeki ku TV yakale chithunzi chikhoza kutuluka chopanda mtundu kapena kumathamanga. Ngati munajambula foni itagona chammbali, sankhani 16:9, apo ayi anthu amaoneka atatalika ngati awakoka. Kokerani makanema anu pansi pa zenera la pulogalamuyo, muwasanje monga mwa mwambo wake: kutchalitchi kuyambe, kuholo kutsatire, pelekanipelekani kumapeto. Menyu ikhale yosavuta. Ine ndimakonda kuti kanema azingoyamba yekha chimbale chikalowa, chifukwa kumudzi rimoti imasowa msanga, ndipo agogo sangalimbane ndi timabatani.

Musadzaze kwambiri. Maola 2 pa chimbale cha 4.7 GB ndiye muyeso wabwino. Mukakakamiza maola 4, pulogalamu imafinya chithunzi, ndipo povina nkhope zimasanduka timabokosi. Ukwati wautali ugaweni pa zimbale ziwiri. Zilipo zimbale za 8.5 GB zolembedwa DL, koma sindizilimbikitsa: n'zodula, ndipo timadeki tina timakakamira pakati pamene lenzi ikusintha kuchoka pa gawo loyamba kupita lachiwiri.

Pulogalamu ikamaliza, m'chimbale muyenera kukhala foda ya VIDEO_TS yokhala ndi mafayilo othera ndi VOB, IFO ndi BUP. Ngati fodayo muli nayo kale pa kompyuta, ibeneni ndi ImgBurn, nayonso yaulere, imaizindikira yokha n'kuika makonzedwe oyenera. Mukakakamizika kubena ndi Windows yokha, imakupatsani zosankha ziwiri. Musasankhe "Like a USB flash drive". Sankhani "With a CD/DVD player".

Liwiro nalo ndi nkhani. Pa chimbale amalemba 16x, ndipo anyamata a pa burning centre amathamangitsa chifukwa pamzere pali anthu. Auzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, chonde ikani pa 4x kapena 8x, ndidikira." Kusiyana kwake ndi mphindi zochepa chabe. Chimbale chobena chili ndi utoto umene laser imawotcha timadontho, ndipo sichibweza kuwala mwamphamvu ngati cha ku fakitale. Lenzi ya kadeki ndi yofooka kale poyerekeza ndi ya kompyuta, ndiye timadonthoto tikawotchedwa mothamanga pa chimbale chotchipa, kanema amadumphadumpha, makamaka chakumapeto, chifukwa chimbale chimalembedwa kuchokera pakati kupita m'mphepete. Ine ndimagula DVD-R, ndiyo imene ndaona ikulowa pa madeki ambiri akale. Zolembedwa RW zimabweza kuwala pang'ono kuposa zonse, zisiyeni zikhale zoyesera. Pobena gwiritsani ntchito laputopu yodzaza batire, ndipo chongani pa "Verify" kuti idziwerengere yokha zimene yalemba.

Za "Region" musade nazo nkhawa. Malawi ali mu Region 5 ndipo South Africa ili mu Region 2, n'chifukwa chake deki yobwera ndi m'bale wochokera ku Joni imatha kukana filimu yogula kwina. Koma chimbale chobena nokha sichikhala ndi loko ameneyu.

Tinene kuti zonsezi mwachita koma kakukanabe. Kuno kwathu m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri, ndipo kadeki kakagona m'chipinda chozizira n'kukabweretsa pafupi ndi mbaula, lenzi imachita nthunzi. Tsegulani chivindikiro, kasiyeni ola limodzi, kenako yesaninso. Fumbi la mu Okutobala nalo limakhala pa lenzi pomwepo. Timadeki iti n'tosavuta, chifukwa mukatsegula lenzi imaonekera: zimitsani, pukutani mopepuka ndi kathonje kouma ka m'makutu, osakanikiza, chifukwa imakhala pa timawaya tofewa. Batire likamatha, mota siizungulira mokwanira, ndipo zimbale zobena ndi zimene zimayamba kukanidwa. Yesani kali pa chaja. Amene mumagwiritsa ntchito batire la sola, onani kaye pansi pa kadeki ngati kamafuna 9V kapena 12V musanalumikize. Onetsetsaninso kuti chimbale chalowa pa kamutu kapakati mpaka kulira kuti "tha". Ambiri amangochiika pamwamba.

Chimbale chenichenicho muzipukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. Musachisiye pa zenera kapena pa dashibodi ya minibasi, dzuwa limawononga utoto uja. Musamatepo pepala, limachititsa kuti chizigwedera pozungulira ndipo limatha kumatuka m'kati. Lembani ndi maka yofewa.

Ngati kadeki kanu kali ndi polowetsa fulashi kapena memori khadi, muli ndi njira ina. Sandutsani kanema akhale AVI ya Xvid, kukula kosapitirira 720 x 576, mawu akhale MP3. Pulogalamu ya Format Factory imachita zimenezi. Fulashiyo ikhale ya FAT32 (mumasankha poifomata pa kompyuta), yaing'ono monga 8 GB kapena 16 GB, chifukwa zazikulu zimabwera ndi exFAT imene timadeki tambiri sitiidziwa, ndipo fayilo imodzi isafike 4 GB.

Mukabenetsa kwa munthu, pitani ndi kadeki kanuko, muyesere pomwepo musanalipire. Onerani poyambira, dumphani mufike pakati, muonenso mphindi zomalizira. Ndipo mupempheni akuikireni foda ya VIDEO_TS ija pa fulashi yanu, kuti chimbale chikadzakalika mudzangobena china osafunanso foni kapena kamera imene inajambula.