Momwe mungalembere chikwangwani ndi zilembo zonenepa za slab serif

Munthu amene ali mu minibasi yochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo, ikamadutsa pa Chitakale kulowera ku Muloza, amaona chikwangwani cha golosale kapena cha malo ogona alendo kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo masiku a chiperoni amachionera m'nkhungu. Chikwangwani chotere chimafuna zilembo zogwira maso msanga, ndipo mtundu umene umatha ntchitoyi ndi wa slab serif. Zilembo zake ndi zonenepa, ndipo nsonga iliyonse ya mzere imathera ndi kaphazi kafulati kokhuthala pafupifupi mofanana ndi thupi la chilembocho, moti chimaima nji ngati nsanamira yokhazikidwa pa njerwa.

Zilembozi zinapangidwira malonda kuyambira pachiyambi. Wopanga zilembo zosindikizira Vincent Figgins anazitulutsa ku London cha m'ma 1815, pa nthawi imene amalonda ankafuna zomata pakhoma zoonekera patali kusiyana ndi zilembo za m'mabuku. Mu 1845 wopanga zilembo wina, Robert Besley, anatulutsa mtundu wa slab serif wotchedwa Clarendon, imene mapazi ake amalumikizana ndi thupi mokhota pang'ono, ndipo mu 1934 kampani ya Monotype inatulutsa Rockwell, ya makona akuthwa ndi mizere yonenepa mofanana ponseponse. Kusiyana kumeneku ndi kumene muyenera kuyamba kusankha. Kwa ine, Clarendon imakhala bwino pa lesitilanti, pa paketi ya tiyi kapena pa botolo la uchi chifukwa imaoneka yofatsa, pamene Rockwell, pokhala youma, imayenera hadiweya, galaja ndi malo owotcherera zitsulo. Rockwell imapezeka pa makompyuta ambiri okhala ndi Microsoft Office, ndipo Alfa Slab One ndi Roboto Slab, zomwenso ndi za slab serif, mungazitenge mwaulere pa intaneti pa tsamba la Google Fonts.

Musanatsegule chitini cha penti, chepetsani mawu. Zilembozi ndi zotakata, pamene mawu athu a Chichewa ndi aatali kale, kotero kuti "Timagulitsa zipangizo zomangira nyumba" sangakwane pa lata limodzi popanda kuwapanikiza mpaka kuwonongeka. Dzina la malo ndi liwu limodzi kapena awiri onena ntchito yanu, monga SIMENTI NDI MALATA, ndi zokwanira. Mitengo ya katundu, nthawi yotsegulira ndi nambala ya foni zilembedwe m'munsi ndi zilembo zowonda zopanda mapazi, monga Arial, pakuti slab serif yonenepa ikachepetsedwa mabowo a m'kati mwa a, e ndi o amatsekeka, ndipo 3 amayamba kufanana ndi 8.

Kukula kwa zilembo kumatengera kumene wowerenga adzaime. Olemba zikwangwani ambiri amawerengera masentimita awiri ndi theka a kutalika kwa chilembo pa mamita atatu alionse, choncho ngati sitolo yanu ili mamita 30 kuchokera pamsewu, zilembo za dzina zisachepere masentimita 25. Mzere wa chilembo unenepe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kutalika kwake. Ukapitirira pamenepo, liwu lonse limasanduka chibuma chakuda.

Ntchito yaikulu ili pa mipata ya pakati pa zilembo, ndipo apa ndi pamene zikwangwani zambiri zimalakwika ngakhale penti yake itakhala yabwino. Chichewa chili ndi M, N ndi W ambiri, nthawi zambiri atatsatana, monga m'mawu akuti MWANA, NKHUKU ndi NKHWANI. Mapazi a zilembo zowongoka ngati N, K ndi H amatulukira kunja mbali zonse, ndiye mukaziyandikizitsa amagundana nkupanga mzere umodzi wautali pansi, diso osathanso kulekanitsa chilembo ndi chinzake. Zitalikitseni pang'ono. Vuto la A pafupi ndi T, W kapena Y ndi losiyana: pamenepo pamatsala mpata waukulu, moti MALATA angawerengeke ngati mawu awiri. Zimenezo ziyandikizeni mpaka denga la T likhale pamwamba pa phazi la A. Musayeze mipatayi ndi lula, chifukwa chofunika ndi chakuti malo opanda penti aoneke ofanana m'maso, osati m'masentimita. Onetsetsaninso kuti kachizindikiro ka mu NG'OMBE kapena M'MUDZI kakuoneka bwino, ndipo ngati mumalemba Malaŵi ndi kadenga pamwamba pa w, yambani mwayesa ngati mtundu mwasankhawo uli ndi chilembo chimenechi, poti mitundu ina yaulere ilibe ndipo kompyuta imangoikapo chilembo chachilendo.

Ngati mukulemba ndi dzanja, sindikizani mawuwo pa pepala pa kukula kwake kwenikweni, muwamate pa katoni ndi kudula, kenako mujambule m'mphepete ndi choko pakati pa mizere iwiri yowongoka, wa pamwamba ndi wa pansi. Zilembo zozungulira, O, C ndi S, zidutse mizereyo pang'ono, apo ayi zidzaoneka zazifupi kuposa zinzake. Bulashi yafulati ndi imene imatulutsa makona a mapazi mwaudongo.

Za mitundu ya penti nzachidule: chakuda pa chachikasu kapena choyera pa buluu wakuda. Chobiriwira chipeweni ngati kumbuyo kwa sitolo kuli munda wa tiyi, chifukwa chikwangwanicho chidzamira momwemo. Mvula ya kuno ku Mulanje siichitira chifundo penti ya madzi, choncho gwiritsani ntchito penti ya mafuta pa lata kapena thabwa lopakidwa penti yoyamba, makamaka m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala pamene kunja kuli kouma. Choko chikadali pa lata, liimikeni pamalo pake, muwoloke msewu ndi kupempha wa kabaza amene sakudziwa zimene mwalemba kuti awerenge akudutsa. Liwu limene wadodoma nalo mulikonze musanapake penti.