Momwe mungakonzere Outlook ikakana kutumiza makalata, ndi kuikanso Office osataya zinthu zanu

Amene timagwira ntchito m'maofesi ang'onoang'ono kuno ku Zomba timalidziwa vuto ili: makalata a imelo akulowa bwinobwino, koma amene mwalemba inuyo akungounjikana mu Outbox osanyamuka. Ine zinandigwera tsiku limene ndinkayenera kutumiza mitengo ya ntchito yosindikiza timabuku ta msonkhano kwa kasitomala amene ankafuna yankho nthawi isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo chifukwa cha phuma ndinachita cholakwa chimene chinanditayitsa manambala ndi maadiresi a anthu amene ndinasonkhanitsa kwa zaka zitatu. Zimene ndikufotokoza pano ndi za Outlook yachikale ija imene imabwera ndi Office 2016, 2019, 2021 kapena Microsoft 365 pa kompyuta ya Windows.

Choyamba, tsegulani imelo yanu pa Chrome kapena Edge, mulowe ndi pasiwedi yomweyo, kenako mudzitumizire kalata nokha. Ikapita, ndiye kuti akaunti ili bwino ndipo matenda ali mu Outlook kapena pa kompyuta yanu. Ikakana ngakhale kumeneko, musavutike ndi Office, chifukwa mwina bokosi ladzaza kapena pasiwedi inasinthidwa, ndipo pa Gmail malo aulere ndi 15 GB amene imelo imagawana ndi Google Drive komanso Google Photos, moti zithunzi za paukwati zimatha kutseka makalata a ntchito mwini wake osadziwa.

Mukatsimikiza kuti vuto lili mu Outlook, yang'anani pamzere wa pansi penipeni pa pulogalamuyo. Pakalembedwa kuti Working Offline, pitani pa Send/Receive mudine batani la Work Offline kuti lizime, ndipo nthawi zambiri makalata onse amanyamuka pomwepo. Batani limeneli limadinidwa mwangozi kawirikawiri, makamaka pa kompyuta imene anthu angapo amasinthana. Ngati si limenelo, tsegulani Outbox muone kalata yoyambirira pamzere, chifukwa kalata imodzi yolemera imatsekereza zinzake zonse ngati lole yofera pamlatho wa Likangala. Gmail salola fayilo yoposa 25 MB pa kalata imodzi, ndipo Outlook payokha imakana zoposa 20 MB pa maakaunti a intaneti. Kalata yotereyi siichotseka pamene Outlook ikuyesa kuitumiza, choncho muyambe mwayatsa Work Offline dala, mutseke pulogalamuyo n'kuitsegulanso, kenako mukokere kalatayo ku Drafts, muchotse fayilo yolemerayo ndi kutumiza linki ya Google Drive kapena OneDrive m'malo mwake.

Onaninso tsiku ndi nthawi pakona ya kumanja. Makompyuta akale amene timagula ogwiritsidwa kale ntchito amakhala ndi batire laling'ono lozungulira la CR2032 limene limasunga nthawi, ndipo likatha mphamvu kompyuta imabwerera zaka zam'mbuyo nthawi iliyonse magetsi akazima. Tsiku likakhala lolakwika, seva ya makalata ndi kompyuta sizigwirizana pa satifiketi ya chitetezo ndipo kulumikizana kumakanika. Batireli silidula, limapezeka kwa okonza mawotchi ndi mafoni mumsika waukulu, koma musalole kuti akugulitseni limene latulutsidwa kale m'pepala lake.

Tsopano tifike pamene matenda ambiri amabisala, pa seva yotumizira makalata imene imatchedwa SMTP. Kulandira ndi kutumiza zimadutsa njira ziwiri zosiyana, n'chifukwa chake imodzi imatha kufa inzake ili moyo. Tsegulani Control Panel, musankhe Mail, kenako Email Accounts, mudine akaunti yanu ndi Change, kenako More Settings. Pa Outgoing Server pali kabokosi kolembedwa kuti My outgoing server (SMTP) requires authentication, ndipo kameneka kayenera kukhala ndi chizindikiro, pamodzi ndi mzere wa pansi pake wonena kuti igwiritse ntchito dzina ndi pasiwedi zomwezo za polandirira. Pa Advanced, nambala ya port (khomo limene makalata amadzera pa seva) yotumizira ikhale 587 ndi STARTTLS, kapena 465 ndi SSL/TLS. Mukapeza 25, isintheni, chifukwa makampani ambiri opereka intaneti amatseka port imeneyo pofuna kuthana ndi anthu otumiza makalata achinyengo, ndipo ichi ndi chifukwa chake laputopu imatumiza bwino pa Wi-Fi ya kuofesi koma n'kukana mukailumikiza ku foni yanu kunyumba ku Matawale. Pa Gmail seva ndi smtp.gmail.com, pamene pa imelo ya bungwe lanu muyenera kufunsa amene anakukonzerani webusayiti. Manambala a polandirira, 993 pa IMAP ndi 995 pa POP (mitundu iwiri ya akaunti yolandirira makalata), musawakhudze ngati makalata akulowa.

Ngati Outlook ikungofunsa pasiwedi mobwerezabwereza pamene mukudziwa kuti mwalemba yolondola, dziwani kuti Google inasiya kulola mapulogalamu akale kulowa ndi pasiwedi wamba pa maakaunti a anthu kuyambira pa 30 May 2022, ndipo Microsoft inachitanso chimodzimodzi pa Outlook.com ndi Hotmail pa 16 September 2024. Outlook ya zaka zaposachedwa imatsegula kawindo ka Google koti mulowerepo, koma yakale ikufuna App password, imene ndi pasiwedi ya zilembo 16 yopangidwa mu akaunti yanu ya Google mutayatsa kaye 2-Step Verification. Zilembozo mumaziika pamalo a pasiwedi mu Outlook, osati pa Gmail ya pa intaneti.

Zonsezi zikakanika, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe outlook.exe /safe n'kudina Enter. Kalata ikapita mwa njira imeneyi, wolakwa ndi kapulogalamu kowonjezera, kawirikawiri ka antivayirasi, ndipo mungakazimitse pa File, Options, Add-ins.

Apa ndi pamene ndinapsera, ndipo ndikupemphani kuti muwerenge mofatsa musanadine chilichonse. Malangizo ambiri amati ngati Outlook ikuvutabe, chotsani akaunti kapena Profile yonse (pamene Outlook imasunga maakaunti anu ndi makonzedwe ake) n'kupanga ina. Malangizowo si abodza, koma amasiya mfundo imodzi yaikulu. Akaunti ya IMAP, kuyambira pa Outlook 2013, imasunga zinthu zake mu fayilo ya .ost, ndipo anthu amakuuzani kuti fayilo imeneyi ndi chithunzi chabe cha zimene zili pa seva, moti ikafufutika zonse zimabwereranso. Zimenezi ndi zoona pa makalata a mu Inbox ndi Sent, koma si zoona pa manambala a anthu ndi kalendala, chifukwa IMAP imanyamula makalata okha. Mukayang'ana bwino pa Contacts ndi Calendar mudzaona mawu akuti This computer only pambali pa dzina la foda, kutanthauza kuti zimenezo zili pa kompyuta yokhayo ndipo kulibe kwina kulikonse kumene zinasungidwa. Makalata amene akudikira mu Outbox nawonso sanafike pa seva.

Tsiku limenelo ndinaimbira mnyamata wina wokonza makompyuta amene ali ndi kashopu kake mtauni muno, ndipo anandiuza pa foni kuti, "Achimwene, ingochotsani akauntiyo muikenso, zonse zili pa intaneti." Outlook inatulutsa chenjezo lonena kuti zosungidwa pa kompyuta zifufutika, ine ndinadina Yes osawerenga mpaka kumapeto, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Nditaikanso akauntiyo makalata anayamba kutsika mmodzimmodzi ndipo mtima unakhala pansi, koma nditatsegula Contacts ndinapeza mbee, mulibe ngakhale dzina limodzi. Munali manambala a aphunzitsi aakulu a masukulu a ku Domasi ndi Thondwe amene timawasindikizira mayeso, a mipingo, a ophunzira a ku Chanco amene amabwera kudzamangitsa mabuku a kafukufuku wawo, komanso masiku onse amene ndinalonjeza kupereka ntchito. Chopweteka kwambiri n'chakuti kalata ija inakanabe kupita, chifukwa vuto lenileni linali port 25 ija, imene ndinailembanso ndekha poika akaunti potengera kapepala kakale komatidwa kuseri kwa chitseko cha kabati. Mitengo ndinakaipereka pamanja pa kabaza, ndipo maadiresi ndinawatolera kwa milungu ingapo kuchokera m'makalata akale ndi m'buku la malisiti.

Choncho musanachotse akaunti, musanapange Profile ina, ndiponso musanachotse Office, chitani izi. Pitani pa File, Open & Export, Import/Export, musankhe Export to a file, kenako Outlook Data File (.pst). Pawindo lotsatira dinani dzina la akaunti limene lili pamwamba penipeni, osati Inbox yokha, ndipo muonetsetse kuti kabokosi ka Include subfolders kali ndi chizindikiro. Sungani fayiloyo pa Desktop, ndipo ikatha muikopere pa fulashi kapena pa hadi disiki yakunja. Musakhulupirire kuti zatheka chifukwa choti fayilo yaoneka. Itseguleni kudzera pa File, Open & Export, Open Outlook Data File, mulowe mu Contacts yake muwerenge maina angapo amene mukuwadziwa, kenako mu Calendar, ndipo pokhapo ndi pamene mungapitirire. Amene akaunti yawo ndi ya POP asamale koposa, chifukwa makalata awo onse amakhala mu .pst imene nthawi zambiri imapezeka mu Documents, mu foda ya Outlook Files, ndipo ambiri a makalatawo anachotsedwa kale pa seva. Fayilo imeneyi ikopereni Outlook ili yotseka, apo ayi Windows ikana. Masiginecha a pansi pa kalata ali mu foda ina, imene mungaipeze polemba %appdata%\Microsoft\Signatures pa kawindo ka Windows ndi R kaja. Pa kompyuta ya patebulo yopanda UPS (batire losunga magetsi akazima), musayambe ntchito imeneyi pamene mukukayika za magetsi, chifukwa fayilo yodukizidwa pakati siitseguka.

Mukasunga zonse, bwererani ku Control Panel, Mail, Show Profiles, Add, mupange Profile yatsopano koma yakaleyo muisiye pomwepo kufikira mutaona kuti yatsopano ikutumiza. Imeneyi ndiyo nzeru imene ndinaiphunzira mochedwa. Zinthu zanu mumazibweza kudzera pa Import/Export pomwe paja.

Office yonse muikhudze pokhapokha ngati Word ndi Excel nazonso zikuzima zokha, kapena Outlook ikukana kutseguka ngakhale ndi /safe. Yambani ndi kukonza, pa Control Panel, Programs and Features, musankhe Office, Change, Quick Repair, imene siifuna intaneti ndipo imatha mphindi zochepa. Online Repair imakoka pafupifupi pulogalamu yonse mwatsopano, ma GB angapo, choncho gulani bandulo ya usiku kapena mupemphe Wi-Fi kwa mnzanu, chifukwa bandulo ya tsiku imathera pakati ntchito isanafike theka.

Musanachotse Office, dziwani kaye kumene layisensi yanu ili. Tsegulani Word, File, Account, muone imelo imene yalembedwapo, kenako mulowe pa account.microsoft.com ndi imelo imeneyo kuti mutsimikize kuti Office ikuoneka pamndandanda wa zimene munagula. Ngati muli ndi kakhadi ka kiyi ya zilembo 25, kapezeni tsopano. Ngati palibe chilichonse mwa ziwirizi, n'kutheka kuti Office yanu ndi ija ya pa fulashi imene amaiika pamodzi ndi "activator" akakugulitsani laputopu, ndipo mukaichotsa mulibe pobwerera. Ine sindilimbikitsa zimenezo ngakhale mtengo wake ndi wa mbale ya nsima, chifukwa amayamba akuuzani kuti muzimitse antivayirasi, pa kompyuta yomweyo imene mumatsegulirapo akaunti ya kubanki. Makiyi otchipa amene amalengezedwa m'magulu a WhatsApp nawonso amagwira miyezi ingapo kenako n'kutsekedwa, wogulitsa atasintha nambala. Microsoft 365 imalipidwa pa khadi ya kubanki, mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndipo ndi vuto la ndalama zakunja lilipoli khadi imatha kukana. Amene thumba silikulola angaike LibreOffice polembera ndi Thunderbird ya makalata, zonse ndi zaulere mwalamulo. Kumbukiraninso kuti Office 2016 ndi 2019 zinasiya kulandira zokonza za chitetezo pa 14 October 2025, tsiku lomwelo ndi Windows 10, choncho musalipire munthu ndalama zambiri kuti akuikireni zimenezo.

Zotsalazo n'zosavuta. Chotsani Office pa Programs and Features, muzimitse kompyuta n'kuiyatsanso, mulowe pa account.microsoft.com paja ndi kudina Install. Ikakana ponena kuti pali zotsalira za Office ina, kawirikawiri ndi kusakaniza 32-bit ndi 64-bit, ndipo Microsoft ali ndi chida chaulere pa webusayiti yawo chochotsera zotsalirazo. Ikatha, tsegulani Word kuti layisensi igwire, kenako Outlook, muike akaunti ndi port 587, mubweze .pst yanu, ndipo mudzitumizire kalata imodzi muli pa Wi-Fi ndi ina mutalumikiza ku foni.