Muziwerenga mokweza musanatumize

Anzanga olemba, mukamaliza nkhani yovuta, iwerengeni mokweza ngati mukuwauza agogo pakhonde. Pamene lilime lapunthwa, pamenepo pali mawu ofunika kuchotsa.

Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinalemba chiganizo chachitali chodzaza ndi mawu a akatswiri a zachuma. Nditachiwerenga mokweza, mpweya unandithera pakati. Ndinafufuta, n'kulemba kuti ndalama imene dzulo inkagula botolo lodzaza la mafuta ophikira, lero ikugula loperewera. Apo aliyense anamva.

Ine ndimakonda kwambiri timawu tathu tating'ono ngati mbuu, psuu ndi zii. Mukalemba kuti m'nyumba munali zii, musawonjezerenso zoti simunkamveka phokoso lililonse.