Momwe ndinalumikizira nyimbo yoguba ya ukwati ndi nyimbo yovina

Akwati ena pa Dedza boma ankafuna kulowa muholo ndi Wedding March ya Felix Mendelssohn, ya mu 1842, kenako ikangotha ilowe nyimbo yovina ya perekaniperekani popanda kudukiza. Poyeserera, pamalumikiziro pake pankamveka ngati mawailesi awiri akulimbana.

Choyamba chinali liwiro. Oimba a okesitira satsata makina, amatsata dzanja la wowatsogolera, ndiye pena amafulumira, pena amakoka. Nambala ya BPM (kugunda kwa nyimbo pa mphindi imodzi) imene pulogalamu ya ma DJ ya VirtualDJ imaonetsa sigwira nyimbo yonse, ndipo ukadina sync, batani lofananitsa liwiro la nyimbo ziwiri, ng'oma zimangopondana. Sync ndinaisiya. Ndinadikira chord yomaliza ya Wedding March, pamene malipenga amakoka mawu, n'kuponya nyimbo yovinayo pa kugunda kwake koyamba.

Koma chimene chinkapweteka khutu kwenikweni chinali kiyi. Wedding March ili mu C major, imene pa gudumu la Camelot, tchati chosonyeza ma DJ makiyi omvana, ndi 8B. Imamvana ndi 7B, yomwe ndi F major, 9B ya G major, komanso 8A ya A minor. Nyimbo yovina ya akwatiwo inali mu D flat major, 3B. Pa kiyibodi C ndi D flat n'zoyandikana, komatu zikalira pamodzi zimakangana koopsa. Nyimbo yovinayo ndinaitsitsa ndi semitoni imodzi yokha, kutanthauza sitepe imodzi pa kiyibodi, ndipo inakhala mu C ndendende.

Musapitirire masemitoni awiri, mawu a woimba amayamba kumveka achilendo. Zikavuta, ndi bwino kupempha akwati asankhe nyimbo ina.