Kukaona Abale ku Mulanje: Mmene Mungakonzekerere Ulendo Wochokera M'tauni

Ambiri a ife amene tinabadwira m'munsi mwa phiri la Mulanje koma tikugwira ntchito ku Blantyre timapita kumudzi pa zifukwa ziwiri zokha, maliro ndi Khirisimasi, ndipo pa maulendo onse awiriwa munthu sapeza mpata wokhala pamphasa ndi agogo ake n'kumva bwinobwino za moyo wawo. Malangizo awa ndi a ulendo wina, uja wongopita kukaona anthu popanda chimene chavuta. Ulendo wotere umafuna kuuganizira mofatsa, chifukwa mwana wa m'tauni akafika mosakonzekera amasiya pakhomo patasauka kuposa mmene anapapezera, ndipo eni khomo sangamuuze.

Yambani ndi kusankha nyengo. Ngati ntchito ikulolani, pitani pakati pa Epulo ndi Ogasiti, pamene anthu akolola ndipo m'nyumba muli chakudya. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala m'midzi yambiri, ndipo ku Mulanje ndi ku Thyolo njalayo imaluma kwambiri chifukwa anthu ndi ochuluka pamene minda yawo ndi yaing'ono, popeza malo aakulu achonde anakhala minda ya tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda. Mukafika m'miyezi imeneyo mayi anu aang'ono sadzakuuzani kuti ufa watha. Adzatuluka mwakachetechete kukabwereka kwa anansi, ndipo ngongoleyo idzatsala inu mutabwerera. Nyengo ya dzinja ilinso ndi vuto la misewu, chifukwa mitsinje yotsika m'phiri monga Likhubula, Lichenya ndi Ruo imadzaza mwadzidzidzi, ndipo aliyense amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 sachitanso chibwana ndi madzi a kumeneko. Komabe musaganize kuti miyezi yozizira ndi ya dzuwa lokhalokha. Mu Juni ndi Julaye kumagwa chiperoni, kamvula kowaza kobwera ndi nkhungu, kamene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, choncho nyamulani majuzi ndi bulangete lanu kuti musakalande la ana a pakhomo.

Musawadzidzimutse. Imbani foni kudakali sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo uzani munthu woyenera, amene kwathu kuno nthawi zambiri amakhala malume, mwini mbumba. Nenani tsiku lofika, chiwerengero cha anthu amene mukubwera nawo, ndi tsiku lobwerera. Masiku atatu ndi okwanira, paja akuluakulu anati mlendo ndi mame. Tumizaniponso ndalama pang'ono pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti agayitse chimanga ndi kugula nkhuni, ndipo muwonjezere yotapira, chifukwa si bwino kuti gogo alandire ndalama yoperewera pa imene munamuuza pafoni.

Pa nkhani ya katundu, zinthu zimene zimasangalatsa anthu n'zosadabwitsa: shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, machesi, buledi, chitenje cha agogo, ndi makope ndi zolembera za ana a sukulu. Zimaseketsa koma n'zoona kuti muyenera kugulanso masamba a tiyi. Tiyi wakhala akulimidwa ku Mulanje kuyambira mu 1891, ndipo abale athu ambiri amathyola tiyi m'maesiteti, koma masambawo amapita ku fakitale, kenako ambiri amagulitsidwa kunja kwa dziko, moti wothyolayo akafuna kumwa amakagula kapaketi ku golosale ngati wina aliyense. Musanyamule nanazi, nthochi kapena mapeyala, chifukwa kumeneko ndiye kwawo kwa zipatsozi ndipo anthu adzangokusekani. Zolemera monga shuga ndi mafuta mungathe kukagula pa Chitakale kuti musalipire katundu m'minibasi.

Chimene ambiri timalakwitsa ndi kagawidwe. Pamudzi wa chikamwini pamakhala nyumba zingapo za amayi a mbumba imodzi, ndipo mukalowetsa zonse m'nyumba imodzi mwabzala mkangano umene udzaphuke inu kulibe. Ine ndinaphunzira mochedwa kuti njira yabwino ndi kumanga timaphukusi tofanana ndili m'tauni, n'kukapereka zonse kwa mayi wamkulu pakhomopo kuti agawe yekha anthu akuona.

Minibasi za ku Mulanje zimanyamukira ku Limbe, ndipo misewu ilipo iwiri. Wa Midima, umene mu 2006 unapatsidwa dzina la Robert Mugabe, ndi wachidule ndipo umadzera pa Nkando. Wina umadzera ku Chigumula, Bvumbwe, pa boma la Thyolo ndi Luchenza, ndipo ndi wautali koma wokongola. Funsani kondakitala kuti adzera kuti musanakwere, makamaka ngati mukutsikira panjira. Anyamata oitanira adzakulandani chikwama n'kukuuzani kuti yatsala ndi munthu mmodzi kuti inyamuke, koma yang'anani bwino amene akhala m'katimo, chifukwa ena amangokhalamo kuti galimoto ioneke yodzaza ndipo amatsika mmodzimmodzi pamene okwera enieni akubwera. Gwiranani mtengo wa inu ndi wa katundu musanakhale pansi, khalani ndi ndalama zing'onozing'ono kuti musakangane pa chenje, ndipo nyamukani m'mawa kuti mukafike kukuwala.

Ngati muli ndi ana obadwira m'tauni, dzerani ku Thyolo ngakhale kamodzi, ndipo akhale pawindo la kumanzere. Mukangochoka m'phokoso la Limbe, nyumba zothithikana zimayamba kuchepa, pa Bvumbwe mumapeza milu ya tomato, kabichi ndi kaloti m'mbali mwa msewu, kenako dziko lonse limasanduka lobiriwira ngati wina walisesa ndi kulimeta, anthu othyola tiyi ali ndi madengu kumsana. Mukapitirira Luchenza phiri limayamba kukula patsogolo panu mpaka kudzaza windo lonse. Auzeni anawo kuti nsonga yake yaitali ndi Sapitwa, ya mamita 3,002, ndipo afotokozereni chifukwa chimene makolo anaitchulira dzina lotero. Ine ndadutsa msewu umenewu kosawerengeka, koma pamalo pamenepa ndimasiya kucheza ndi amene ndakhala naye pampando.

Pa Chitakale ndi pamene msewu wa ku Likhubula ndi ku Phalombe umapatukira, pamene wopita pa boma ndi ku chipata cha Muloza umapitirira. Kuchokera pamsewu waukulu kukafika pamudzi mudzafuna kabaza. Gwiranani mtengo musanakwere, ndipo ngati ndi njinga yamoto musalole kukwezedwa anthu atatu pamodzi ndi katundu.

Mukafika pakhomo odirani, ngakhale muli kwanu kumene munabadwira. Dikirani akuyalireni mphasa kapena akupatseni mpando, ndipo lolani aliyense abwere kudzakupatsani moni payekhapayekha, kuyambira akuluakulu. Musafulumire kumasula zikwama. Malonje ayambe atha: inu mufotokoze za kumene mwachokera ndi mmene mwayendera, iwonso akuuzeni za pamudzi. Pa malonjepo mvetserani bwino mayina a anthu amene anamwalira chichokereni inu, chifukwa mawa lake muyenera kuyenda m'makomo amenewo kukapepesa maliro, mutatenga kangachepe m'manja. Ntchito imeneyi imadya theka la tsiku ndipo siyenera kudumphidwa, pakuti anthu amaiwala shuga amene munabweretsa koma saiwala kuti simunapite kukawaona atataya mwana. Foni ikhale m'thumba nthawi yonse ya malonje. Ngati muli mkamwini, lemekezani apongozi monga mwa mwambo wa pakhomopo, ndipo m'mawa musadikire kuitanidwa, funsani kumene kuli khasu kapena nkhwangwa.

Nkhuku adzakupherani, ndipo kukana n'kuwanyoza. Chimene mungachite ndi kunena mwaulemu tsiku loyamba lomwelo kuti masiku otsalawo mukulakalaka zakudya za kumudzi, monga nandolo, chigwada, makaka ndi kalongonda, kuti khola lisathe chifukwa cha inu. Kalongonda musiyireni odziwa kuphika, chifukwa imafuna kuwiritsidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo isanadyedwe. Ana anu adye zimene anzawo akudya, pamodzi nawo. Kuwatulutsira mabisiketi paokha ana a pakhomo akuyang'ana ndi chinthu chimene ndimadana nacho kwambiri pa zonse zimene ife a m'tauni timachita. Zimene muyenera kusamala nazo ndi udzudzu ndi madzi akumwa: nyamulani neti, ndipo ngati mjigo uli kutali ndipo anthu akutunga kumtsinje, wiritsani madziwo.

Zopempha zidzabwera, za fizi, za feteleza, za malata. Mverani aliyense mpaka amalize, koma musalonjeze chimene simungathe pofuna kuoneka bwino pagulu, chifukwa lonjezo la munthu wa m'tauni limawerengedwa ngati ndalama imene ili kale m'manja, ndipo ena amakatenga ngongole podalira mawu anuwo. Ndi bwino kunena kuti chaka chino muthandiza chinthu chimodzi, n'kuchitchula pamaso pa malume.

Mukapeza tsiku lopuma, pitani ku Likhubula mukaone Dziwe la Nkhalamba, ndipo mutenge ana a pamudzi pamodzi ndi anu. Phirili linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, ndipo alendo amachokera kutali kudzaliona, pamene ana ambiri okulira m'munsi mwake amangolidziwa ngati kotola nkhuni. Tengani wolondolera njira wa komweko, samalani ndi ana pamadzi chifukwa dziwelo ndi lakuya ndi lozizira, ndipo musagule matabwa a mkungudza kwa ocheka mozemba, popeza mtengo wa fuko lathuwu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.

Tsanzikani madzulo a tsiku loti mawa mukunyamuka, nyumba ndi nyumba, kuti m'mawa musachedwe. Adzakumangirani thumba la chinangwa, nandolo, mkoko wa nthochi, mwinanso nkhuku yamoyo yomangidwa miyendo. Landirani ndi manja awiri ngakhale mukudziwa kuti kondakitala akulipiritsani, ndipo ndalama yotsanzikira muipereke kwa agogo mseri, osati pabwalo. Yesetsani kukafika ku Limbe dzuwa lisanalowe, chifukwa madzulo pamakhala chipwirikiti cha anthu oweruka kuntchito ndipo ndi katundu wambiri chonchi n'kovuta kupeza minibasi ya ku Ndirande, ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa. Mukamayandikira mzinda mudzaona utsi wa mbaula ukuyamba kukwera ndi nyumba zokwawa m'mapiri a Bangwe ndi Soche, ndipo makutu anu, amene anazolowera bata masiku atatu, adzadabwa ndi mahutala. Mukangolowa m'nyumba imbani foni kumudzi kuti mwafika bwino, chifukwa agogo sagona asanamve. Thumba lija mulikung'unthe ndi kulisunga pabwino, kuti mudzalitumize ndi munthu woyamba wopita kumudzi, muli sopo ndi mchere.