Yatsani boiler mu September, ndipo za ejenti zonse zikhale zolemba

Abale anga amene mwangofika kumene ku UK, makamaka inu a ntchito za care amene mukulowa chisanu choyamba, ndimvereni. Kuzizira kwa June ku Dedza kapena ku Mzuzu mumakudziwa, koma kuja ndi kwa juzi imodzi ndi tiyi wamkaka, dzuwa likangotuluka kwatha. Kuno mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo nyumba yopanda heating imasanduka firiji. Choncho yatsani boiler, makina a gasi otenthetsa madzi ndi nyumba, mu September kunja kukadali kofunda, ma radiator onse, zitsulo za pakhoma zofunditsa zipinda, atenthe kwa ola lathunthu. Ngati pali vuto, lioneke nthawi imene amisiri sanayambe kupanikizika. Ine sindinatero, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Munali mu December 2022, masiku aja kunazizira dziko lonse. Tinkakhala ku Leicester, ine, mayi a kunyumba ndi mwana wa zaka zitatu, m'nyumba ya lendi imene tinaipeza kudzera kwa ejenti, woyang'anira nyumba m'malo mwa landilodi. Ndikuchokera ku ntchito ya usiku, ndinapeza mayi avala jekete m'nyumba, mwana amukulunga m'mabulangete awiri. Boiler yazima, ikungophethira kanambala. Ndinaimba foni ku ofesi ya ejenti. Mtsikana amene anayankha anati walemba, kubwera munthu. Tsiku linatha. M'mawa mwake ndinaimbanso, anayankha wina, akuti palibe chalembedwa, ndiyambirenso kufotokoza. Tsiku lachitatu akuti landilodi ali kunja, popanda iye sangatulutse ndalama. Ine n'kumangoti chabwino, zikomo, ndidikira. Ulemu wathu uja wa kumudzi, kuopa kuti ndikakweza mawu atitulutsa m'nyumba, mwinanso zifika ku visa. Kupusa kwake! Ejenti wa nyumba alibe mphamvu yolanda munthu visa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunabwera bambo wina pa vani yosalembedwa kanthu. Anatsegula boiler, anadinadina, inayaka, anapita osasiya ngakhale kapepala. Usiku womwewo inazimanso. Tinagona masiku 11 m'chipinda chimodzi ndi ka heater ka magetsi kamene kankadya pafupifupi mapaundi 10 patsiku, madzi osamba kutenthetsa pa ketulo ngati tili ku Chinsapo magetsi atazima. Koma chimene chinandipweteka kwambiri chinabwera potuluka m'nyumbamo. Ejenti yemweyo anadula mapaundi 180 pa dipoziti, akuti makoma achita nkhungu chifukwa sitinkatenthetsa nyumba. Nditamukumbutsa kuti ndinaimba foni kasanu ndi kawiri, anandiyang'ana mwaulemu n'kufunsa ngati ndili ndi imelo iliyonse. Ndinalibe ndi imodzi yomwe.

Ndiye achimwene, achemwali, foni imbani, koma mukangoidula lembani imelo: lero tsiku lakuti, boiler siikugwira, m'nyumba muli mwana, ndalankhula ndi wakuti nthawi yakuti. Jambulani kanambala kakuphethirako mutumize limodzi. Musachite manyazi kuti Chingerezi chanu ndi chothyoka, chofunika ndi deti. Kukonza boiler ndi madzi otentha ndi udindo wa landilodi malinga ndi ndime 11 ya Landlord and Tenant Act ya 1985, si chifundo chimene akukuchitirani. Akamazengereza, pitani ku khonsolo ya dera lanu mukafunse a Environmental Health, ali ndi mphamvu yomulamula kuti akonze. Mabungwe a Shelter ndi Citizens Advice amalangiza mwaulere. Chimodzi musayese: kuleka kulipira lendi pofuna kumukhaulitsa. Pamenepo wolakwa mumasanduka inu.

Za dipoziti ndinazidziwa mochedwa. Ku England landilodi amayenera kuisungitsa ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30, ndipo mukasemphana pa zodula, bungwelo limaweruza osakulipiritsani. Ine ndinangovomera ndi mkwiyo, n'kupita kukadandaula kwa anzanga ku tchalitchi, ngati kuti iwo abweza ndalamazo.

Bambo wa vani uja ndinayenera kumufunsa khadi la Gas Safe. Aliyense wogwira gasi m'dziko lino amayenera kukhala m'kaundula wa Gas Safe Register, ndipo khadi lake limakhala ndi chithunzi ndi nambala imene mungaifufuze pa intaneti iye ali chiimire pakhomo. Wopanda khadi asakhudze boiler yanu, ngakhale akhale wakwathu amene anali makaniko wodziwika ku Ndirande. Landilodi amayeneranso kuyezetsa zipangizo za gasi miyezi 12 iliyonse ndi kukupatsani pepala lake. Kafufuzeni m'mapepala anu lero. Ngati mulibe, lifunseni, pa imelo.

Zina zonsezi ndi zing'onozing'ono, musaitanire munthu. Radiator ikamatentha kumunsi kokha, kumtunda kuli zii, muli mpweya: zimitsani heating, tsegulani pang'ono kavavu ka pakona ndi kakiyi ka paundi imodzi kapena awiri, mpweya utuluke, madzi akayamba kudontha tsekani. Kamuvi ka pressure pa boiler kakhale pakati pa 1 ndi 1.5 ikakhala yozizira. Sofa ichoke kutsogolo kwa radiator. Dziwani pamene pali mpopi wotsekera madzi a nyumba yonse, nthawi zambiri umakhala pansi pa sinki.

A mita ya khadi kapena ya kiyi, samalani apa. Pali ndalama imene amadula tsiku lililonse ngakhale simunayatse gasi, amaitcha standing charge. Wina amasiya mita osaikamo kanthu kuyambira May, ati ndikusunga ndalama, kenako mu October waika mapaundi 20 n'kuona theka lapita pomwepo kubweza ngongole. Muziikamo pang'onopang'ono chilimwe chonse.

Tsopano nkhani imene imandikwiyitsa. Bilu ikakwera, Amalawi timayamba nzeru. Wina watsegula uvuni kuti nyumba ifunde. Wina watseka mabowo onse a mpweya ndi nsanza. Wina walowetsa m'nyumba chowotchera nyama, makala akadali ofiira, ati ndi mbaula basi. Kwathu timadziwa bwino kuti mbaula m'chipinda chotseka imapha, pamene nyumba zathu zili ndi mipata pansi pa malata. Nanga kuno kumene mawindo ndi a magalasi awiriawiri, chitseko chomatirira? Mpweya wa carbon monoxide suoneka, sununkha. Mumangomva mutu, chizungulire, nseru, n'kumati ndi chimfine kapena kutopa kwa mashifiti, mwameza panado, mwagona. Ngati nonse m'nyumba mutu ukuwawa koma mukatuluka panja ukusiya, tulukani ndithu. Kuyambira October 2022 landilodi ku England amayenera kuika alamu ya mpweyawu m'chipinda chimene muli boiler ya gasi. Dinani batani lake mumve ngati ikulira. Mukamva fungo la gasi, tsegulani mawindo, musakhudze switchi ya magetsi, imbani 0800 111 999 muli panja.

Nyumba ikhale pa madigiri 18 osachepera, makamaka ngati muli ana. Kuyanika zovala pa radiator mawindo ali chitsekere ndiye kuitana nkhungu, ndipo nkhungu si nkhani ya dipoziti yokha. Ku Rochdale mwana wa zaka ziwiri anamwalira nayo mu 2020.

Inu amene mukukhala m'chipinda chimene wakubwereketsani mnzanu, dzina lanu mulibe pa pepala la lendi, dziwani kuti ejenti sakudziwani. Boiler ikazima mudzadalira mwini pepalayo kuti alembe, ndipo iye amaopa kuitana anthu m'nyumba chifukwa aona kuti mukugona asanu ndi mmodzi m'nyumba ya atatu. Kambiranani panopa, osati mu January.

Opita kumudzi pa Khirisimasi, musazimitse boiler kotheratu ati tisunge ndalama. Siyani thermostat, kachipangizo kochunira kutentha kwa nyumba, pa madigiri 12 kapena kuposa. Madzi akaundana m'mapaipi amaphulitsa, mudzabwera ndi chambo chouma ndi ufa m'sutikesi n'kupeza siling'i ili pansi, ndipo ulendo uno ejenti adzakhala ndi chonena.

Mwina mukufuna kudziwa chimene chinavuta pa boiler yathu ija. Pa tsiku la 11 kunabwera mmisiri weniweni, khadi lili pakhosi. Sanatsegule n'komwe boiler. Anatuluka panja, anandionetsa kapaipi koyera ka pulasitiki kamene kamatulutsa madzi kuchokera ku boiler kupita ku ngalande. Kanali kataundana. Anapempha madzi ofunda, osati owira, anathira pakapaipipo, anadina batani la reset, moto unayaka. Mphindi khumi. Ketulo yake inali yomwe ija tinkatenthetsera madzi osamba.