Momwe mungapezere cholakwika COMSOL ikakana kutulutsa yankho

Ambiri amene angoyamba kuphunzira COMSOL Multiphysics akangoona uthenga woti "Failed to find a solution", amathamangira kukasokoneza solver, mbali ya pulogalamuyi yomwe imachita masamu ofufuza yankho. Kawirikawiri solver imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala pa zimene mwaiuza pulogalamuyo, kapena zimene mwaiwala kuiuza. Pulogalamuyi, ya kampani yomwe inayamba ku Stockholm mu 1986, imawerengera pamodzi zinthu zokhudzana monga magetsi, kutentha ndi kupindika kwa zitsulo. Chitsanzo chathu chikhala chitsulo cha kopa chonyamula magetsi, chija amisiri amati busbar, chomwe chimatentha magetsi akamadutsamo. Njirazi zimathandizanso ku Elmer, pulogalamu yaulere yochokera ku Finland, kungoti mayina a mabatani ndi osiyana.

1. Yambani ndi pepala ndi cholembera

Musanayatse kompyuta, dziwani kuti yankho liyenera kugwera chapati. Tinene kuti chitsulocho n'chotalika mita imodzi, m'lifupi 50 mm, kuchindikala 10 mm. Resistivity ya kopa ndi pafupifupi 1.7 × 10⁻⁸ Ω·m, ndiye resistance yake, kutanthauza mmene chitsulocho chimakanizira magetsi kudutsa, ikhala 0.000034 Ω. Mukadutsitsamo 500 A, magetsi otayika ngati kutentha ndi I²R (I ndi 500 A ija, R ndi resistance), kutanthauza 8.5 W. Mbali zonse zokhudzana ndi mpweya zikukwana 0.12 m². Mpweya ukakhala wosayenda, h, nambala yosonyeza mmene kutentha kumachokera pachitsulo kupita mumpweya, tingaiike pa 5 W/(m²·K). Gawani 8.5 ndi 0.6 (yomwe ndi 5 × 0.12), mupeza kuti chitsulocho chitentha ndi madigiri pafupifupi 14 kuposa mpweya wochizungulira. Kompyuta ikakupatsani madigiri 900, musasilire mitundu yokongola ya pachithunzi. Penapake palakwika.

2. Onani miyezo

Chojambula chochokera ku CAD, mapulogalamu ojambulira zipangizo pakompyuta, chimakonda kubwera m'mamilimita. Pulogalamu ikachiwerenga m'mamita, kachitsulo kanu kasanduka kotalika kilomita yathunthu. Pa kutentha ndiye pamene ambiri amapunthwa. COMSOL imayambira pa 293.15 K, omwe ndi madigiri 20 Celsius. Ngati chipangizo chanu chikukagwira ntchito ku Chikwawa kapena ku Nsanje mwezi wa Okutobala, 20 ndi bodza, ikani 40. Koma lembani 40[degC]. Mukangolemba 40 yekha, pulogalamu imva 40 K, kuzizira kwa madigiri 233 pansi pa ziro, ndipo sikuchenjezani.

3. Yesani physics iliyonse payokha

Apa ndiye pagona nkhani. Zimitsani mbali ya kutentha, mutsale ndi Electric Currents yokha. Kumapeto kwina ikani Normal Current Density ya 1,000,000 A/m², yomwe ndi 500 A ija kugawa ndi 0.0005 m², kukula kwa nkhope ya kumapetoko (50 mm × 10 mm). Kumapeto kwinako ikani Ground. Mukaiwala Ground, voteji imasowa poyambira kuwerengedwa, ndipo ndi pamene mumaona mawu oti "Singular matrix". Zikayenda bwino, kusiyana kwa voteji pakati pa mbali ziwirizo kukhale pafupifupi 17 mV (500 A × 0.000034 Ω), monga pepala lanu likunenera.

Kenako yatsani Heat Transfer in Solids. Dziwani kuti mbali iliyonse yomwe simunaikhudze, pulogalamu imaitenga ngati yosatulutsa kutentha konse. Ndiye taganizani: mukuthira kutentha mosalekeza m'chinthu chopanda potulukira, kenako mukufunsa Stationary study, yomwe imafuna yankho losasintha ndi nthawi, kuti kutenthako kukaima pati. Sikungaime. Yankho palibe, ndipo solver siikunama pokana. Ikani Heat Flux pa mbali zokhudzana ndi mpweya, muikemo h uja ndi kutentha kwa mpweyawo. Mukatero lumikizani ziwirizo ndi Electromagnetic Heating pansi pa Multiphysics.

Ngati chojambula chili ndi zidutswa zingapo, monga mabawuti, yang'anani kumapeto kwa Geometry. Form Union imazigwirizanitsa. Form Assembly imazisiya zosiyana pokhapokha pakhale ma pair oziluzanitsa. Bawuti yosalumikizika imabweretsanso singular matrix yomwe ija.

4. Mukaona "Maximum number of Newton iterations reached"

Kopa akatentha, resistance yake imakwera ndi pafupifupi 0.39 peresenti pa digiri iliyonse, ndipo resistance ikakwera kutentha kumawonjezekanso. Chimodzi chikukoka chinzake. Pa 500 A izi sizivuta, koma magetsi akachuluka kwambiri solver imasochera. Kuchulukitsa ma iteration, maulendo omwe solver imabwereza kuwerengera, ndi kutaya nthawi chabe. Sandutsani kuchuluka kwa magetsi kukhala parameter, ndipo ndi Auxiliary Sweep mukwere pang'onopang'ono: 100, 500, 1000, mpaka pomwe mukufuna. Yankho lililonse limakhala poyambira pa lotsatira, ngati mmene wa kabaza amakwerera chitunda ndi katundu, osati mothamanga. Yang'aniraninso chithunzi cha convergence, chosonyeza ngati solver ikuyandikira yankho. Mzere ukamatsika, dikirani. Ukamangokwera ndi kutsika, imitsani mubwerere ku sitepe yachitatu.

5. Mesh

Mesh ndi ukonde wa tizidutswa tomwe pulogalamu imagawamo chojambula kuti iwerengere. Yambani ndi mesh ya maso akuluakulu kuti zolakwika zioneke msanga. Zikayenda bwino, ichepetseni maso kawiri kapena katatu, mpaka kutentha kwapamwamba kusiye kusintha moonekera. Samalani ndi ngodya zakuthwa zolowa mkati: pamenepo current density imangokwerabe mukamachepetsa mesh, chifukwa m'masamu current density ya pa ngodya yotero ilibe malire. Izunguzeni ndi Fillet, monga chitsulo chenicheni chimakhalira.

Laputopu ikadandaula kuti memory yatha, dulani chojambula pakati ngati mbali ziwiri zili zofanana, kapena siyani ma solver a MUMPS ndi PARDISO, omwe amadya RAM yambiri, muyese iterative solver. Ndipo poti magetsi kwathu kuno amazima osatsanzika, sungani fayilo musanadine Compute.

6. Fananizani cholowa ndi chotuluka

Pansi pa Derived Values, gwiritsani ntchito Volume Integration kupeza kutentha konse kopangidwa m'chitsulo, kenako Surface Integration kupeza kotulukira m'mbali. Manambala awiriwo afanane, ndipo onse akhale pafupi ndi 8.5 W. Ngati munaika resistance yosintha ndi kutentha, apitirira pang'ono, cha m'ma 9 W kapena kuposerapo malinga ndi kutentha kwa mpweya komwe munasankha. Akasiyana kwambiri, tsegulani chitsanzo cha busbar chomwe chili mu Application Libraries, muchiike pambali pa chanu, ndipo muyerekeze nthambi ndi nthambi mu Model Builder.